Mlendo ndi Mame: Zimene Ndidaona ku Nyumba Yodyera ya Chisipanishi

Sabata ino ndasankha mwambi umene ambiri amaudziwa pakamwa, koma ndi ochepa amene amausunga m'zochita: mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Aliyense amene adalawirirapo m'minda ya tiyi kuno ku Milonde akudziwa khalidwe la mame. M'bandakucha amanyowetsa miyendo mpaka m'mawondo, koma dzuwa likangosuzumira cha ku Milange, simuwaonanso. Makolo athu adaona kuti mlendo ali chimodzimodzi. Sakhalitsa, choncho sangathe nkhokwe. Koma akamachoka amanyamula mbiri ya mudzi umene adafikira, ndipo mbiri imeneyo ndiyo siikamuka.

Pa ubwana wathu, mlendo ankalandiridwa katundu asanafike pakhonde. Ankamuyalira mphasa, kumupatsa madzi akumwa kapena thobwa, ndipo mwininyumba ankayamba walawa kuti mlendo amwe ndi mtima wokhazikika. Malonje ankabwera pambuyo. Ana tinkathamangitsa nkhuku, ndipo nthutumba inkaikidwa m'mbale ya mlendo ngati umboni wakuti nkhukuyo yafera iye. Mwana ankagwada pomusambitsa m'manja, nsima n'kubwera yovundikira, ikadali yotentha. Ngakhale m'chaka cha njala, pamene pakhomo padali chinangwa ndi nandolo basi, ulemu wonsewu sunkachepa.

M'chaka cha 2019 ndidapita ku Johannesburg kukaona mdzukulu wanga wamkazi amene amagwira ntchito kumeneko. Mwanayu ndidamulera ndekha, ndipo adafuna kundithokoza. Adasunga ndalama kwa miyezi, nanditengera ku nyumba yodyera ya zakudya za ku Spain, imene sinditchula dzina. Kunja kwake kudali kokongola zedi: nyali zamitundumitundu, nsalu zoyera pamatebulo, ndi nyimbo za gitala zomveka chapansipansi.

Tidaima pakhomo nthawi ndithu popanda wotilonjera. Mnyamata amene adadzatilozera pokhala adachita kuloza ndi chibwano, maso ali pa foni. Madzi akumwa tidapempha katatu. Poyamba adatibweretsera timbale ting'onoting'ono totchedwa tapas. Mwa ito mudali chidutswa cha mazira okazinga pamodzi ndi mbatatesi, chouma m'mbali ngati chagonera. Chakudya chenicheni, mpunga wotchedwa paella, chidafika patapita ola lathunthu ndi theka. Pamwamba padali potentha, pakati pozizira, chizindikiro chakuti adangotenthetsa mkute. Mpunga wina udali phala, wina wolimba ngati sudaone moto, ndipo tinkhanu ta m'nyanja yamchere timene adayalapo tidali titayamba kafungo. Pamenepo ndidakumbukira mawu a akulu: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti ndikunyoza chakudya cha eni. Ine ndidaphunzitsa jogalafe ndi mbiri yakale zaka zambiri, ndipo ndimadziwa kuti anthu a ku Spain amalemekeza mphika wawo monga ife tilemekezera wathu. Mpunga udafala m'dziko lawo kudzera mwa Aluya ndi anthu a kumpoto kwa Africa amene adawolokera kumeneko m'chaka cha 711. Paella kwawo ndi ku Valencia, kumene mpunga umalimidwa m'madambo ozungulira nyanja ya Albufera, monga umalimidwira kwathu kuno m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Chidayamba ngati chakudya cha alimi, chophikidwa panja pa moto wa nkhuni m'chiwaya chachikulu chosazama, mothira nkhuku, kalulu ndi nyemba, ndipo banja lonse linkadyera m'chiwaya momwemo. Eni ake amakonda kwambiri mpunga wopserera pang'ono wa pansi pa chiwaya, umene amautcha socarrat. Kodi si nkhoko zomwe zija tinkalimbirana tili ana? Choncho chimene chidandikhumudwitsa si Spain ayi, koma anthu ogulitsa dzina la Spain opanda mtima wake.

Kudikira nakonso si mlandu pakokha. Ife Alhomwe timadziwa kuti kalongonda saphikidwa mothamanga. Amafuna moto wa tsiku lathunthu ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi amaledzeretsa wakudya. Munthu amadikira mokondwa akadziwa kuti kukhitchini kuli wina amene akumuvutikira. Chopweteka ndi kudikira chinthu chimene palibe adachisamala.

Tsono apa padabuka funso limene ndikufuna adzukulu mulilingalire bwino. Mwambo wathu umati mlendo sanyoza chakudya. Ukapatsidwa nsima yamadzi, umadya, n'kuthokoza, zotsalazo n'kukasimbira mkazi wako kunyumba. Kodi mwambo umenewu umagwiranso ntchito pamene walipira? Mdzukulu wanga adangoti zyoli, misozi ili m'maso, akufuna kulipira mwakachetechete ndalama imene kuno ikadagula thumba la feteleza n'kutsalako. Adachita manyazi ngati waphika ndi iye.

Ine maganizo anga ndi awa. Mlendo wa pakhomo amakhala chete chifukwa chimene walandira ndi mphatso, ndipo mwininyumba wapereka zimene ali nazo. Koma wamalonda walonjeza, ndipo walandira thukuta la mnzake posinthana ndi lonjezolo. Kukhala chete pamenepo si ulemu, koma kulekerera chinyengo, ndi kukumbira dzenje amene adzabwere mawa. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Motero ndidapempha kuonana ndi woyang'anira malowo. Sindidakweze mawu, pakuti mkwiyo sukometsa ndiwo. Ndidamuonetsa mbale, ndidamuuza nthawi imene tidafika, ndipo ndidati mwanayu adasunga ndalama zake kuti alemekeze agogo ake. Mkuluyo adachotsa mtengo wa mpunga pa bilu, koma mawu akuti pepani sadatuluke m'kamwa mwake. Kwa ine mawu amenewo akadaposa ndalamazo.

Mdzukulu wanga ndidamuuza kuti mphatso yake idafika yathunthu, pakuti nthutumba yeniyeni idali mtima umene adandiitanira. Amene adalephera ndi amene adapatsidwa mlendo m'manja n'kumutaya.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mumagwira ntchito m'mahotela ndi m'nyumba zodyera ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ena muli konkuno, mukugulitsa nsima pa Limbuli ndi pa Chitakale, kapena mukulandira alendo odzakwera phiri lathu kudzera ku Likhubula, ofuna kukafika pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Ntchito yanu ndi yolemetsa, ndipo kawirikawiri malipiro ake ndi ochepa, zimenezo sindikuzikana. Komabe moni sagulidwa. Yang'anani munthu kumaso. Chakudya chikachedwa, muuzeni zoona. Chikalakwika, pepesani msanga. Simudziwa kuti amene wakhala patebulo lanu wasunga ndalamayo miyezi ingati, kapena akufuna kukondweretsa yani.

Ndipo inu mukakhala ogula, musaope kulankhula, koma lankhulani ngati ana oleredwa. Akulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Nenani cholakwacho momveka, osanyoza munthu, osatukwana mtundu wake.

Amene muli ndi miyambi ina yokhudza alendo, kaya m'Chilhomwe, m'Chiyao kapena m'Chisena, nditumizireni kuti tiisunge pamodzi, ana a mawa adzaipeze. Tsalani bwino.

Ndine agogo anu, ku Milonde, Mulanje.