Funso la Bambo

Pa holide yapitayi bambo anandifunsa funso limene linandisoŵetsa tulo. Tinali pakhonde madzulo, iwo akusoka thumba la chimanga. "Iwe, mbuzi ziŵiri ndagulitsa chifukwa cha sukulu yakoyi. Kodi fizikisi ukuphunzirayo idzatidyetsa?"

Ndinayamba kulongosola modzimva, monga tichitira ife a pakoleji tikafika kumudzi. Ndinati mu 1900 Max Planck wa ku Germany anapeza kuti mphamvu ya kuŵala situluka mosalekeza ngati mtsinje, koma m'timadontho totchedwa quanta. Ndinatinso tinthu tiŵiri tating'onoting'ono tikhoza kumangana kotero kuti ukayeza kamodzi, wadziŵa za kanzake ngakhale kali kutsidya kwa nyanja, ndipo Aspect, Clauser ndi Zeilinger analandira mphotho ya Nobel mu 2022 potsimikiza zimenezi.

Bambo anaseka. "Kuno zimenezo timati ufiti. Ndiye unapita ku Zomba kukaphunzira ufiti wa azungu?"

Manyazi anandigwira, ndinakhala chete. Mdima utagwa mayi anayatsa babu, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti yankho linali padenga pathu pomwe. Kasola kamene kali paudzupo kamagwira ntchito chifukwa timadontho ta kuŵala tija, timene Einstein anafotokoza mu 1905, tikagunda silicon timadzutsa maelekitironi, magetsi n'kuyamba kuyenda. Sola yoyamba yothandiza inapangidwa ku Bell Labs mu 1954, patapita zaka 49. Babu ya LED imene yatiiŵalitsa parafini inachokera ku ntchito ya Akasaki, Amano ndi Nakamura, amene anapata Nobel mu 2014. Ngakhale wailesi ya bambo imalankhula chifukwa cha transistor ya mu 1947.

Ndinaŵauza zonsezi, tsopano modzichepetsa. Ndinaonjeza kuti lero akatswiri akumanga makompyuta a quantum. Mu 2019 kampani ya Google inaonetsa ina ya ma qubit 53. Chimodzi mwa zimene akuyembekeza n'chakuti makinaŵa adzatithandiza kumvetsa m'mene tizilombo ta m'mizu ya mtedza ndi nandolo timatengera naitirojeni mumpweya popanda moto woopsa umene mafakitale a feteleza amafuna. Chinsinsicho chikadzaululika, mwina feteleza adzapangidwa motsika mtengo.

Apa bambo anasiya kusoka. "Feteleza ameneyo adzafika liti?"

"Mwina ine nditamera imvi, bambo."

Anayang'ana kumdima nthaŵi yaitali. Kenaka analoza mtengo wa mango uli pabwalo nati, "Uwo anabzala agogo ako. Sanalaŵeko ngakhale limodzi."

Sanandiuze kuti ndapambana mlandu, ndipo nanenso sindikuti ndinapambana, pakuti njala siidikira zaka 49. Koma tsiku lobwerera kuno ndinapeza m'khola mulibe mbuzi yachitatu, ndalama zili m'thumba la jekete langa. Ndikamatsegula buku usiku, ndimamva kulira kwa mbuziyo.