Magazi aja sanali a likodzo lokha

Kwathu ku Bangula, mnyamata akamakodza magazi sitinkadabwa. Tonse tinakulira m'madzi a Shire, ndipo akuluakulu ena ankati ndiko kukula. N'chifukwa chake ababa, msodzi wa ku Elephant Marsh, ataona magazi mumkodzo ali ndi zaka 58 anangoti, "N'likodzo ili, mwanawe." Anamwa praziquantel, koma magazi sanaleke. Tinakhala chete miyezi 7.

Ataonda mpaka lamba kusowa bowo, ndinakwera nawo minibasi kupita ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre. Kumeneko anawalowetsa kakamera m'chikhodzodzo, n'kudulako kanyama kokayeza. Zotsatira zinati ndi khansa ya chikhodzodzo yotchedwa squamous cell carcinoma. Ku Ulaya ndi yosowa, koma kuno imayenda ndi likodzo: mazira a tinyongolotsi tija amakanirira m'khoma la chikhodzodzo, n'kumalitukusira kwa zaka zambiri.

Adokotala sanatibisire. Khansa imeneyi imalowerera msanga, ndipo siimva kwenikweni mankhwala a chemotherapy. Ngati sinafalikire, njira yodalirika ndi opaleshoni yochotsa chikhodzodzo chonse, mkodzo n'kumatulukira pa kabowo ka pamimba, kugwera m'thumba. Palinso radiotherapy, yomwe kale odwala ankaitsatira kunja kwa dziko. Ikafalikira, chotsala ndi kuchepetsa ululu ndi mankhwala ngati morphine.

Ya ababa inali isanafalikire. Koma anakana.

"Ndiye ndizipalasa bwato ndi thumba la mkodzo? Anzanga pa dooko aziti chiyani?"

Ine ndinayesa kuwawerengera zomwe ndinapeza pa foni, osathandiza. Anawagonjetsa ndi amayi, usiku wina titakhala pa mkeka panja chifukwa cha kutentha.

"Bambo a kunyumba, thumba limabisika m'malaya. Manda sabisika."

Opaleshoni inachitika. Palibe anatilonjeza kuti khansayo siidzabweranso, ndipo masiku a sikelo akayandikira tulo timasowa. Matumba aja nawonso savuta pang'ono kuwapeza. Koma ababa alipo. Amasoka maukonde pansi pa mtondo, n'kumakalipira adzukulu akamathamangira kudambo.

Chomwe chimandiwawa ndi miyezi 7 ija. Inu muli m'tauni, mumatumiza ndalama kumudzi pa foni: mukawaimbira makolo, afunseninso za mkodzo. N'zochititsa manyazi, inde. Koma munthu wamkulu akakodza magazi, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale osamva kuwawa, apite akamuyeze.