Dashboard ya pafoni ndi kope la ngongole ku Lichinga

Ntchito yanga ndi kukonzera amalonda ang'onoang'ono a mu Lichinga tsamba limodzi la pafoni, loti akalitsegula aone zomwe zagulidwa lero, katundu wotsala m'sitolo ndi anthu amene sanabweze ngongole. Tsamba limeneli ndilo dashboard. Amene amandiitana ndi eni magolosale, ogulitsa simenti ndi malata, komanso opikula nyemba ndi kachewere m'midzi ya kuno ku Niassa.

Opikisana nafe ndi akuluakulu. Microsoft ili ndi Power BI, yomwe mu Epulo 2025 inakwera mtengo kuchoka pa madola 10 kufika pa 14 pamwezi kwa munthu mmodzi. Google ili ndi Looker Studio yaulere. Kulinso Primavera ndi PHC, mapulogalamu a ku Portugal omwe ma akauntanti a m'Mozambique anawazolowera kalekale. Onsewa ndi abwino ndithu, koma amafuna kupeza manambala atalembedwa kale pakompyuta. Pagolosale ya kuno manambalawo ali m'kope, m'mutu mwa mwini sitolo ndi m'mauthenga a pafoni.

Ntchito yeniyeni imayambira pamenepo. Mayi wa golosale amalandira ndalama m'njira zitatu: zapamanja, za pa M-Pesa ya Vodacom ndi za pa e-Mola ya Movitel. Kope lake ladzaza mayina a aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma amene amatenga sopo, mafuta ndi shuga kuti adzalipire malipiro akatuluka. Madzulo mayiyo akawerenga za m'kabati amaona ngati malonda sanayende, chonsecho phindu lake lili m'nyumba za anthu. Choncho pamwamba pa tsamba lake sindiikapo zithunzi zokongola ayi. Ndimaikapo ngongole, yakalekale pamwamba, ndi masiku omwe yakhala.

Wopikula nyemba ali ndi vuto lina. Kumudzi amagula pa ndowa, m'tauni amagulitsa pa kilo. Ndowa sizifanana, ndipo wina amadzaza mpaka kusefukira pomwe wina amasalaza. Ndimakhala naye pansi ndi sikelo, tiyeze ndowa yake yomweyo kangapo, kenako kulemera kwake ndikulowetse m'pulogalamu pamodzi ndi mtengo wa matumba ndi wa galimoto. Pulogalamu yogula kunja singamuchitire zimenezi popanda munthu wofika pomwe pali nyembazo. Chimodzimodzi amene amaoloka malire pa Mandimba kupita ku Chiponde: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene ankasakaniza ma kwacha ndi ma meticais patsamba limodzi la kope anasokonezeka kwambiri.

Msonkho suwakakamiza ambiri kugula pulogalamu. Lamulo la 2009 linabweretsa ISPC, msonkho wosavuta womwe panthawiyo unali wa 3 peresenti pa zogulitsa, wa amalonda osapitirira ma meticais 2.5 miliyoni pachaka. Munthu wotero safunikira mabuku ambiri. Koma bizinesi ikakula n'kulowa mu msonkho wa IVA, womwe unatsika kufika pa 16 peresenti mu 2023, pamafunika ma invoisi oyenera, ndipo kumeneko Primavera ndi PHC zimatiposa kutali. Kasitomala akafika pamenepo ndimamuuza mosabisa kuti akaonane ndi akauntanti.

Intaneti nayo inatiphunzitsa. Chisankho cha mu Okutobala 2024 chitadutsa, intaneti ya pafoni inkadulidwa m'dziko muno, ndipo tsamba lodalira intaneti lokha silinkatseguka. Langa limasunga zonse m'foni momwemo, n'kudzatumiza netiweki ikabwera.

Amene ndimawayang'anitsitsa kwambiri ndi makampani a mafoni. Iwo amaona kale ndalama iliyonse yodutsa pa M-Pesa kapena e-Mola, ndipo tsiku lomwe adzaganize zopatsa wamalonda aliyense tsamba lotere kwaulere, ambiri a ife tidzachepa. Chomwe sadzaona ndi ndalama zapamanja ndi ngongole za m'kope. N'chifukwa chake nthawi yanga yambiri sindithera pakompyuta. Ndimathera pakauntala, kuphunzitsa mnyamata kapena mtsikana wogulitsa kuti paketi iliyonse ya shuga ikatuluka ailembe nthawi yomweyo, ngakhale wotengayo ali mlamu wa abwana.