Mafayilo 600 pa foni ya itel

Wachinyamata wopanga mawebusaiti ku Naperi, kaya wa ku MUBAS kaya wodziphunzitsa yekha, amayesa ntchito yake pa laputopu, zonse n'kumayenda myaa. Koma kasitomala akaitsegula pa itel ku Bangwe, netiweki ikudukaduka, tsamba limangoti mbee.

Kawirikawiri vuto limakhala katumizidwe ka JavaScript. Chilankhulochi chinapeza ma module akeake (timafayilo toitanizana) mu 2015, ndipo Chrome inayamba kuwawerenga mwachindunji mu 2017, Firefox mu 2018. Ena anaganiza kuti webpack, yomwe Tobias Koppers anayambitsa mu 2012 kuti izimanga mafayilo pamodzi, yatha ntchito. Ayi ndithu. Browser imadziwa fayilo yotsatira ikatsitsa ndi kuwerenga yoyamba, pomwe laibulale imodzi yokha, lodash-es, ili ndi mafayilo oposa 600. Netiweki ikakhala yochedwa, ulendo uliwonse wopita ku seva ndi kudikira kwinanso.

N'chifukwa chake ngakhale Vite, pulogalamu ina ngati webpack ya Evan You ya mu 2020, imamangabe mafayilo pamodzi tsamba likamapita kwa anthu.

Komabe chimtolo chimodzi nachonso n'chankhanza. Munthu wongofuna kuona mtengo wa simenti amathera deta ya TNM kapena Airtel pa masamba omwe sadzawatsegula, foni yake yotchipa n'kumatentha powerenga zonsezo. Chanzeru n'kutumiza kamtolo koyambira, zotsalazo zizibwera kudzera mu import() munthu akadina batani.