Za Maola a Ntchito ku Mangalande ndi Kwathu

Abale anga amene munatsala kwathu, popeza mumadandaula kawirikawiri kuti ife okhala kuno ku Mangalande tayamba kunyada, osayankha ngakhale lamya, ndati ndikufotokozereni mwachifatse m'mene tsiku lathu limathera.

Tikayang'ana malamulo okha, maiko awiriwa sasiyana kwenikweni, pakuti lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limaika malire a maola 48 pa mlungu, ndipo la kuno la 1998 limatchula chiwerengero chomwecho, kungoti limalola munthu kusaina kalata yovomera kupyola malirewo. Kalata imeneyi ndiyo msampha wa ife alendo, chifukwa iye amene amasamalira okalamba ku Leeds kapena ku Manchester, akakumbukira fizi ya mphwake ndi feteleza wa amayi ake, sazengereza kusaina, ndipo amayamba kuimirira maola 12 pa tsiku. Walira mvula walira matope.

Sindikana kuti anthu akuno amalemekeza nthawi: munthu safika mochedwa ponamizira minibasi, ndiponso satseka ofesi kukaperekeza maliro a mnansi wa mlamu wake. Ntchito imayendadi. Koma m'nyumba ndimo muli misozi, pakuti sukulu zimaweruka cha m'ma 3 koloko makolo akali pa ntchito, malo osungirako ana amadya gawo lalikulu la malipiro, ndipo palibe agogo, palibe azakhali, palibe ngakhale mayi woyandikana naye nyumba amene angamtenge mwana ndi kum'patsa phala. Motero mwamuna amagwira usiku, mkazi usana, napatsirana mwana pakhomo, wina akulowa wina akutuluka. Ndipo ine ndimakayika ngati umenewu ndiwo ukwati umene ankhoswe anamanga.

Koma kwathu, ku Ndirande kapena ku Area 25, mayi wogwira ntchito amachoka m'bandakucha nabwera kutada, malipiro ake osakwana, komabe mwana wake amakhala atadya ndi kusamba, chifukwa manja omlera ndi ambiri.

Tchuthi chokha ndicho akuno amatiposa nacho, masiku 28 pa chaka pamene kwathu ndi 15 kapena 18. Koma ambiri a ife timawasunga masikuwo osawakhudza, kuopa uthenga wa maliro umene ungatiitanire kumudzi mwadzidzidzi.