Thumba la Mlendo

Ukwati wa masiku ano wayamba kuchoka pakhomo. Kale nikaah inkamangidwa mumzikiti wa m'mudzi kapena pabwalo la kwawo kwa mkazi, ndipo alendo ankagona kwa achibale, wina pakhonde, wina m'kachipinda ka ana, mpunga ukuwira m'mapoto akuluakulu kuseri kwa nyumba. Lero ana athu amene akugwira ntchito ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Leicester amasankha malo a kunyanja, ku Senga Bay kapena m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, n'kuitanira kumeneko mbali zonse ziwiri. Pamalo otere palibe mwini khomo. Mayi wa mkwatibwi ndi mlendo, nkhoswe ndi mlendo, ngakhale shehe womanga ukwatiwo ndi mlendo. N'chifukwa chake pabuka mwambo wa kathumba ka mphatso kamene munthu amakapeza pabedi akangofika. Kathumbako kamayesa kugwira ntchito imene kale inkagwiridwa ndi chikho cha madzi, mkeka ndi malonje.

Ine ntchito yanga ndi ya choko ndi ana a madrassa, ndipo za matumba otere ndikanangozimvera kwa ena mwana wa mlongo wanga akanapanda kukwatiwa. Iye ndi mwamuna wake amakhala ku Johannesburg, ndipo anasankha kudzamangitsa ukwati wawo kunyanja kuno ku Mangochi, mwezi wa Okutobala. Monga malume ndinapatsidwa udindo wolandira alendo. Mndandanda unandipeza pa WhatsApp: matumba 40 a pepala lonyezimira, olembedwa maina a akwati ndi tsiku la ukwati, m'kati mwake chokoleti, kandulo wonunkhira, kapu yolembedwanso maina omwewo, ndi kabotolo ka mafuta onunkhiritsa. Zinali zokongola ndithu pachithunzi. Koma aliyense amene anakhalapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa chimene dzuwa la kuno limachita ndi chokoleti, ndipo kandulo wonunkhira sathamangitsa udzudzu.

Chimene chinandivutitsa maganizo kwenikweni si chokoleti ayi, koma nambala ija. Oitanidwa anali opitirira 100. Nditafunsa mlongo wanga, anandiyankha mosavutika: "Achimwene, matumbawo ndi a alendo ochokera kutali, a pandege ndi a ku Lilongwe. Athu akumudziwa si alendo, ndi eni ukwati." Mawuwa amamveka aulemu, ndipo iye sanawanene ndi mtima woipa. Koma ndinawerengera maulendo. Wochokera ku Johannesburg amakhala m'ndege maola awiri ndi pang'ono, n'kutera pa Chileka, galimoto ikumudikira kuti imudutsitse Zomba ndi Liwonde pa tala. Amayi athu aang'ono a ku Makanjira amadzuka kusanache, n'kukwera galimoto ya matola pamsewu umene aliyense wa kuno akudziwa kuvuta kwake, mpaka adzaoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi fumbi lili m'maso ndi m'nsalu. Achibale a ku Mandimba amayamba aima pachipata cha Chiponde. Kodi mwa anthu awa watopa kwambiri ndani? Ndipo ndani amene adzalowe m'malo ogona alendo koyamba m'moyo wake, osadziwa kuti madzi akumwa awapempha kwa yani?

Ku koleji tinaphunzira hadisi ya m'mabuku a Bukhari ndi Muslim imene imalumikiza kulemekeza mlendo ndi kukhulupirira Allah ndi Tsiku Lomaliza, n'kuika masiku atatu a kuchereza. M'menemo muli liwu la Chiarabu lakuti jaaiza, limene ena mwa maulama analimasulira kuti ndi ulemu wapadera wa tsiku loyamba, pamene ena anati ndi chimene umam'patsa mlendo kuti chimufikitse patsogolo pa ulendo wake. Tanthauzo lachiwirili ife tili nalo kale m'chinenero chathu: kamba. Agogo athu sankalola munthu kunyamuka chimanjamanja. Ankamumangira mbatata yootcha kapena mtedza pakansalu. Kamba salembedwa dzina la womupereka, ndipo samuyeza ndi maso koma ndi njala ya pamsewu. M'mabuku omwewo mulinso chenjezo lolimba lokhudza walima imene olemera amaitanidwa, osauka n'kusiyidwa. Ife tinaitana onse, inde. Koma kupatsa thumba wa sutikesi ya matayala n'kumudumpha wa kamtolo ka pamutu ndi kusiya kwa mtundu womwewo, kungoti kwavala bwino.

Zimenezi sindinazinene ngati khutba, pakuti mwana wa mlongo wako sam'lalikira pa lamya. Ndinangomuuza kuti ndalama ya matumba 40 olembedwa maina ingakwanire matumba 110 osalembedwa, ngati titasoketsa konkuno. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, "Amalume, ine ndimafuna anthu adzatikumbukire." Ndinamumvetsa. Mtsikana amene wakhala zaka zambiri kunja, akuwerengera randi iliyonse, amafuna tsiku limodzi looneka ngati la m'maloto ake, ndipo palibe tchimo pamenepo. Tinakambirana masiku atatu. Pomaliza anavomera, koma mafuta onunkhiritsa anakana kuwachotsa, ndipo apongozi ake anaima naye. Pamenepo ndinagonja ndine. Kununkhira bwino n'kwa Sunnah, ndipo malume amene amapambana mkangano uliwonse saitanidwanso ku ukwati wachiwiri.

Matumba tinasoketsa kwa atelala awiri a pamsika, a nsalu ya chitenje, okhala ndi chingwe chokolekera paphewa. Majumbo opyapyala sitinawaganizire n'komwe: boma linawaletsa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ndipo ngakhale akuonekabe m'misika, sitikanafuna kuti ukwati wathu usiye zinyalala zouluka m'mbali mwa nyanja. M'thumba lililonse munalowa botolo la madzi, tende pang'ono, mtedza wokazinga, sopo, mswachi, mankhwala odzola othamangitsa udzudzu, ndi chokupizira mphepo cholukidwa ndi mlaza. Chokupiziracho tinagula kwa amayi oluka m'mbali mwa msewu, ndipo ndicho chinagwira ntchito kuposa china chilichonse, chifukwa magetsi atazima masana a Loweruka holo yonse inkangoti phephephe ngati mbalame zikunyamuka.

Panali tinthu tina timene munthu sangatidziwe pokhapokha atafunsa amene anayendapo. Mapulagi a ku South Africa salowa m'masoketi athu, pamene a ku Britain amalowa bwinobwino; choncho obwera kuchokera ku Johannesburg tinawaikira adaputala, a ku Leicester ayi. Mlamu wanga ankafuna tiikemo botolo la tsabola wa Nali ndi usipa wouma kuti a kunja akalawe kwawo. Tinamukumbutsa kuti botolo loposa mamililita 100 saloledwa kulowa nalo m'ndege m'chikwama cha m'manja, ndipo usipa ukagona usiku umodzi m'chipinda chotentha, zovala za ukwati zimanunkha doko. M'malo mwake tinaika kapaketi ka tiyi wa ku Thyolo ndi malambe, amene kuno amangogwa okha koma mwana wobadwira ku Leicester sanawaonepo.

Chimene ndinachisamala ndi manja anga ndi kakhadi. Tinakalemba m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chingelezi. Mbali imodzi inali ndi nthawi ya nikaah, nthawi ya chakudya, nambala ya munthu woti aimbiridwe wina akadwala usiku, ndi chenjezo lakuti ana asasambe m'madzi odikha a m'mabango chifukwa cha likodzo, ndiponso kuti aliyense agone m'neti. Mbali inayo inali ndi nthawi za Swala za ku Mangochi ndi kolozera Qibla. Munthu akafika malo achilendo usiku, chinthu choyamba kumusokonekera ndi mbali za dziko. Kuchokera kuno Makka ili kumpoto, kupendekera pang'ono chabe kum'mawa, koma ukaima m'chipinda chimene sunagonemo, kumpoto sukudziwa. Ndinapita ndi kampasi tsiku la Lachinayi, n'kumata kamuvi kapepala pansi pa zenera la chipinda chilichonse, eni malo atandilola. Ophunzira anga akuluakulu ndi amene anakopera makhadiwo pamanja titaweruka, ndipo anakangana kwambiri za kalembedwe ka Chiyao, chinenero chimene amachiyankhula tsiku lililonse koma sanachilembepo.

Titawerenga komaliza, matumba anatsala asanu ndi awiri. Mlongo wanga anati tisunge, mwina pabwera ena osayembekezeka. Koma osayembekezekawo anali atafika kale: madalaivala a maminibasi amene ankagona m'galimoto zawo panja pa mpanda, ndi amayi atatu amene tinawalemba ganyu yotsuka mbale. Dalaivala wina atalandira anafunsa kawiri ngati sitinalakwitse munthu.

Amayi aang'ono a ku Makanjira anafika Lachisanu dzuwa litapendeka. Ndinawaperekeza kuchipinda chawo, ndipo ataona thumba pabedi anaima pakhomo osalowa.

"Mwanangu, muno muli kale munthu. Wasiya katundu wake."

"Ayi Amayi, n'lanu limenelo. Wakukonzerani mdzukulu wanu."

Analitsegula pang'onopang'ono, akutulutsa chimodzichimodzi n'kuyala pabedi. Madzi anamwa pomwepo. Tende anamanga pa nsonga ya mpango kuti akapatse adzukulu kumudzi. Malambe anawayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola, nati kwawo mbuzi ndi zimene zimadya amenewo. Kabotolo ka mafuta onunkhiritsa, kamene ine ndinkalimbana nako kaja, anakanunkhiza nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anandifunsa kuti Asr yakwana kale kapena ayi. Ndinawalozera kamuvi pansi pa zenera, n'kutseka chitseko.