Tsiku la pa Kapata, m'munsi mwa phiri la Kanjala

Ku Chipata njinga ndizo zimadzutsa mzinda. Dzuwa lisanatuluke kuseri kwa mapiri, amuna a m'midzi amakhala akutsetsereka kale, wina matumba a makala atawamanga ndi mphira kumbuyo, wina kandolo, wina nshawa ndi nzimbe, onse ulendo wa pa msika wa Kapata. Mwezi wa July kuno kumazizira, ndiye woyamba kugwira ndalama ndi mayi wa mbaula. Zitumbuwa zake amazivuula m'mafuta zili psuu, n'kuzikulunga m'pepala limene nthawi yomweyo limanyowa ndi mafuta.

"Amama, mundipatseko ziwiri zotentha."

"Tengani zitatu, atate, mwachokera kutali."

Mlendo amene wamva kuti mzinda uno unkatchedwa Fort Jameson amafika akuyembekeza khoma loti ayendepo. Khoma lotero m'tauni muno mulibe. Linga la Chipata ndi mapiri ouzungulira, ndipo wofuna kuliyenda akwere Kanjala dzuwa lisanapse. Njira yake ndi yamiyala, mpweya umachepa, koma ukafika pamwamba zonse zili pansi pako: malata a ku Kapata, nsanja za mzikiti, ndi msewu waukulu wochokera ku Lusaka ukulowera ku Mwami, kumalire ndi Malawi.

Ukaima pamenepo m'pamene umamvetsa chimene azungu anakondera chigwachi. Dziko lino linali la Angoni a mfumu Mpezeni. Mu January 1898 asilikali a Britain anabwera kuchokera ku Nyasaland ndi mfuti za Maxim. Angoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anakumana nawo ndi mikondo ndi zishango. Anagonja, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anawomberedwa mu February chaka chomwecho. Boma latsopano linamangidwa pa dothi limenelo n'kupatsidwa dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Linakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911. Zimandipweteka kuti munthu akhoza kuyenda tsiku lonse m'misewu ino osamva dzina la Nsingo, kufikira February atakwana ndipo magalimoto ayamba kudzaza msewu wa ku Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambo wa Angoni wa Nc'wala. Mbiri yotere siyoyenera kudikira mwezi umodzi pa chaka.

Potsika phiri njala imakhala yagwira, ndipo msika wasanduka wina. Mawilibala akupempha njira, ogulitsa salaula akuitanira, anyamata a njinga zonyamula anthu akuliza mabelu. Kuseri kwa mabenchi a tomato kuli timalesitilanti ta amayi. Mtsikana amakuthirira madzi m'manja ndi jagi, beseni lili pansi, kenako nsima imabwera ikufuka nthunzi. Ndiwo musankha nokha: nkhuku yakumudzi, kapenta, delele, kapena chibwabwa chotendera. Ine ndimati wobwera kuno ayambe ndi chotenderacho, chifukwa nshawa za dera lino, makamaka Chalimbana, n'zonona, ndipo amayi a kuno saumira nsinjiro.

Pali ndiwo ina imene alendo amaiyang'ana cham'mbali. Nyengo ino, anthu atakolola, anyamata amakumba mbewa m'minda. Amazichotsa matumbo, kuziwiritsa ndi mchere, n'kuziumitsa pamoto kapena padzuwa, kenako kuzipana pakati pa timitengo tiwiri, mitu yonse kuloza kumodzi. Wogula wodziwa amatembenuza mpaniwo, kununkhiza, kutsinako pamimba kuti aone ngati zauma bwino. Ku Lusaka amatiseka nazo anthu a kum'mawa. Koma mbewa zalera mibadwo pa nthawi imene nyama inali yosowa, ndipo kuzikumba kumateteza nkhokwe.

Masana ndi a ku Down Shops. Mashopu ambiri kumeneko ndi a mabanja a amwenye amene makolo awo anachokera ku Gujarat kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Muli zitenje, mapoto, fetereza, matayala ndi masipoko a njinga. Amalawi a ku Mchinji ndi ku Lilongwe amadzagula kuno, poti Lilongwe ali pafupi kuposa Lusaka, ndipo munthu akatchula mtengo amayamba wanena kuti ndi kwacha ya dziko liti. Samusa wa tsabola ndi kapu ya munkoyo wozizira zimakufikitsa madzulo.

Wofunitsitsa kuona njerwa za linga lenileni apatule tsiku lina apite ku Fort Young, kunja kwa mzinda cha kwa Mpezeni, kumene kwatsala mabwinja a kampani ya North Charterland.

Dzuwa likapendeka, mitengo ya masamba imatsika, amayi akuwaza madzi pa repu kuti asafote. Makondakitala akukuwa Katete, Lundazi, Mfuwe, ndipo okwera mabasi a m'bandakucha opita ku Lusaka ayamba kale kusungitsa katundu. Mbaula zayakanso. Pakhomo pa siteshoni mayi akudula chikanda ndi mpeni, chofiirira, cholimba bwino, chophikidwa ndi nsinjiro, soda ndi tsabola. Timizu take timakumbidwa m'madambo, ndipo tikusowa chaka ndi chaka, moti tambiri tsopano timachokera ku Tanzania. Wogula akadandaula kuti chidutswa chachepa, mayiyo amamuuza mtengo umene wagulira thumba, n'kumuwonjezera kachidutswa ka basela.